Nkhondo ya pansi pa nyanja idali nkhondo ya m'mimba

Mukadzafika pa boma la Mangochi, musanawoloke mlatho wa pa Shire, mudzaime kaye pafupi ndi nsanja ya wotchi ija. Pali mfuti yaikulu yachikale yomwe ambirife timangoipitirira, ena kujambulitsapo zithunzi za pa sitetasi osafunsa n'komwe kuti idachokera kuti. Mfuti imeneyo idali pa sitima ya Angerezi yotchedwa Gwendolen.

Pakati pa Ogasiti 1914, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse itangobuka kumene ku Ulaya, kaputeni wa Gwendolen, Rhoades, adalamulidwa kuti akasake sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Adakaipeza ataikokera kumtunda kuti aikonze pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Adaiombera n'kuipundula. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, adali mnzake wa Rhoades womwa naye limodzi, ndipo adali asadamve kuti kunja kwaipa. Adapalasa bwato ali lunguzi, kudzafunsa mnzakeyo ngati waledzera. Yankho lake lidali loti nkhondo yayamba ndipo iye tsopano ndi mkaidi. Ambiri amati kumeneko kudali kupambana koyamba kwa Angerezi pamadzi m'nkhondo yonseyo, ndipo kudachitikira pa nyanja yomweyi timadyamo usipa.

Nkhaniyi imaseketsa, koma tadzifunsani kuti Angerezi ankalimbiranji ndi kasitima kamodzi. Masiku amenewo kudalibe msewu wodalirika wochoka kum'mwera kukafika ku Karonga. Asilikali, zipolopolo, ufa ndi mankhwala, zonse zinkayenda pamadzi. Yemwe wagwira nyanja wagwiranso katundu. Pomwe Ajeremani ankaukira Karonga mu Seputembala chaka chomwecho, adapeza gulu lankhondo la Angerezi litafika kale kumpotoko, ndipo lidafika pa sitima.

Mfundo yanga yagona pamenepo. Masiku ano mavidiyo a nkhondo ya pamadzi ali mbwee pa TikTok ndi pa YouTube. Timathera bandulo kuonerera sitima yoyenda pansi pa madzi, ija amati sabumarini, ikuzemba mabomba, kaputeni wake ali thukuta kamukamu. Timaona ngati adali masewero a akatswiri. Koma ukawerenga mbiri yake modekha, upeza kuti sabumarini m'nkhondo ziwiri zonsezi inkasaka tirigu, nyama, mafuta ndi zitsulo. Cholinga chidali kuumitsa dziko lonse ndi njala mpaka ligwade. Ndiye ngati alipo anthu oyenera kuimvetsa bwino nkhani imeneyi, ndi ife amene pafupifupi chilichonse chomwe timagula kunja chimayamba chakwera sitima, chonsecho doko la m'nyanja yamchere tilibe.

Momwe zidayambira

Nkhondo yoyamba isadayambe, akuluakulu ambiri a asilikali a pamadzi ankaiona sabumarini ngati chidole. Maso awo adali pa zisitima zikuluzikulu za mizinga. Adadzidzimuka pa 22 Seputembala 1914, pomwe sabumarini imodzi ya Ajeremani, U-9, idamiza sitima zankhondo zitatu za Britain, Aboukir, Hogue ndi Cressy, m'kanthawi kongopitirira pang'ono ola limodzi. Anthu oposa 1,400 adafera pomwepo.

Koma posakhalitsa Ajeremani adaona kuti nyama yonona ili kwina. Britain ndi chilumba, ndipo chakudya choposa theka cha anthu ake chinkachokera kunja. Komanso tisaiwale kuti Britain naye adali atatseka njira zonse za panyanja zolowera ku Germany, moti m'nyengo yozizira ya 1916 mpaka 1917 Ajeremani ankadya ndiwo zomwe kale ankadyetsa ziweto, ndipo anthu masauzande mazanamazana adamwalira ndi njala komanso matenda obwera ndi njala. Mbali zonse ziwiri zinkamenyana pamimba. Kusiyana kwake kudali koti wina ankatseka njira ndi sitima zooneka, wina ndi zobisala.

Padali lamulo lakale loti ukakumana ndi sitima yamalonda ya adani, uiimitse, uifufuze, uwapatse anthu mpata wokwera mabwato opulumukira, kenaka ndiye uimize. Kwa sabumarini lamuloli lidali ngati kudziika m'kamwa mwa ng'ona, chifukwa ikavuuka imakhala yofooka zedi. Angerezi adayamba kubisa mizinga pa sitima zooneka ngati zamalonda, kuti sabumarini ikavuuka mwaulemu aiphulitse. Ajeremani nawo adayamba kuombera osachenjeza.

Pa 7 Meyi 1915, U-20 idaombera sitima yonyamula anthu ya Lusitania kufupi ndi gombe la Ireland. Idamira m'mphindi 18 zokha. Anthu pafupifupi 1,200 adafa, 128 mwa iwo nzika za America. Ajeremani adati sitimayo idanyamula zipolopolo, ndipo zoona zidalimo. Koma mudalinso amayi ndi makanda. Dziko lidakwiya, ndipo Germany adabweza moto kwa kanthawi.

Pa 1 Febuluwale 1917 adatayiratu ulemu wonse n'kulengeza kuti sitima iliyonse yopezeka m'madzi ozungulira Britain idzamizidwa. Adali atachita masamu: akamamiza matani 600,000 mwezi uliwonse, Britain agonja pakangotha miyezi isanu, America asadakonzeke kulowerera. Padatsala pang'ono kuti masamuwo atheke. Mu Epulo 1917 mokha adamiza matani oposa 850,000. Pa sitima zinayi zilizonse zonyamuka ku Britain ulendo wautali, imodzi sinkabwerera. Mwezi womwewo, pa 6 Epulo, America adalowa nkhondo.

Mankhwala ake adali mdipiti

Chomwe chidapulumutsa Britain n'chinthu chosapatsa chidwi, moti palibe angachiike pa TikTok. Adangosiya kutumiza sitima imodziimodzi n'kuyamba kuziyendetsa pa mdipiti, makumi angapo nthawi imodzi, zankhondo zikuperekeza m'mbali.

Akuluakulu a asilikali a pamadzi adakanakana kwa nthawi yaitali. Ankati makaputeni a sitima zamalonda sangathe kuyenda pamzere osagundana, ankati kuunjika sitima pamodzi n'kumuikira mdani nsima pamphasa, ankatinso madoko adzadzadza. Atayesa kuyambira Meyi 1917, zotsatira zidawatsutsa. Chifukwa chake n'chosavuta. Nyanja ya Atlantic ndi yaikulu koopsa. Sitima 30 zikamwazikana, sabumarini yodikirira panjira ili ndi mwayi 30 wokumana ndi imodzi. Zikayenda pamodzi, mwayi umatsala umodzi, ndipo ikauphonya imatha masiku ikungoona madzi okhaokha. Ikaupezanso mdipitiwo, imapeza alonda akuidikira. Akuluakulu adanena kale kuti kali kokha n'kanyama.

Nkhondo yachiwiri idabwereza phunziro lomweli, koma ndi magazi ochuluka. Tsiku lomwe Britain adalengeza nkhondo, pa 3 Seputembala 1939, U-30 idamiza sitima yonyamula anthu ya Athenia, ndipo oposa 100 adafa. Mkulu wa ma U-boat, Karl Dönitz, ankafuna sabumarini 300 koma adayamba nkhondo ali ndi 57. France atagwa mu Juni 1940, adapeza madoko ngati Lorient ndi Brest oyang'ana ku Atlantic kwenikweni. Adayamba kusaka pagulu ngati mimbulu: imodzi ikaona mdipiti, imaitana zinzake pa wailesi, n'kudikira usiku kuti ziukire zili pamwamba pa madzi. Ku Britain, shuga, batala ndi nyama zidayamba kugulidwa mwa muyeso kuyambira 1940.

America atalowa nkhondo, adachita ngati sadamvepo za 1917. Kumayambiriro kwa 1942 sitima zinkayenda zokhazokha m'mphepete mwa gombe lake lakum'mawa, mizinda ili ngwee ndi magetsi usiku, moti ma U-boat ankangoona zithunzithunzi za sitima zikudutsa patsogolo pa kuwalako. Pafupifupi sitima 600 zidamira m'miyezi yochepa. Atayamba midipiti ndi kuzimitsa magetsi, chiwerengerocho chidatsika.

Zinthu zidatembenuka mu Meyi 1943, pomwe Germany adataya ma U-boat oposa 40 mwezi umodzi, imodzi mwa iwo muli mwana wa Dönitz yemwe. Pa 24 Meyi adalamula kuti achoke kumpoto kwa Atlantic. Palibe chida chimodzi chomwe chidachita zimenezi. Padali ndege za Liberator zofika pakatikati pa nyanja pomwe kale padalibe mlonda wa mumlengalenga, padali radar yoona sabumarini mumdima, padali makina olondola komwe uthenga wa pa wailesi ukuchokera, padali akatswiri a ku Bletchley Park, kuphatikizapo Alan Turing, omwe ankamasula mauthenga achinsinsi a Enigma. Pamwamba pa zonsezo, America ankapanga sitima zonyamula katundu mofulumira kuposa momwe Ajeremani ankazimizira. Za mtundu wa Liberty zokha zidapangidwa zoposa 2,700.

Amene sadaphunzire adali Japan. Nalonso ndi dziko la zilumba lodalira mafuta ndi zitsulo zakunja, koma akuluakulu ake ankaona ntchito yoperekeza sitima zamalonda ngati yonyozeka kwa msilikali weniweni. Sabumarini za America zidamiza kuposa theka la sitima zonse zamalonda zomwe Japan adataya. Pofika 1945, bomba la atomiki lisadagwe n'komwe, sitima zake zankhondo zinkasowa mafuta ndipo anthu ake adali pa njala.

Adafa ndi ndani?

Mafilimu amakonda kaputeni wa ndevu ali pa galasi loonera kunja. Moyo weniweni wa mu U-boat udali wina. Anyamata pafupifupi 50, ambiri a msinkhu wathu womwe uno, ankathithikana m'chimpope chachitsulo kwa milungu yambiri, osasamba, awiri akusinthana bedi limodzi, buledi atachita nkhungu, paliponse fungo la dizilo ndi thukuta. Chombocho nthawi zambiri chinkayenda pamwamba. Chikamira chinkadalira mabatire, ndipo liwiro lake silinkaposa la kabaza. Mwa amuna pafupifupi 40,000 omwe adapita panyanja ndi ma U-boat, pafupifupi 30,000 sadabwerere. Ankamenyera boma la Hitler, ndipo sindikuwayeretsa. Ndikungoti amene akukuonetsani nkhondo ngati masewero akukubisirani manda.

Koma amene amandikhudza kwambiri ndi a mbali inayo, amalinyero a sitima zamalonda. Sadali asilikali. Adali anthu aganyu: ophika, okolezera malasha, opukuta injini. M'nkhondo yachiwiri, a pa sitima za Britain zokha adafa oposa 30,000, ndipo sitima zamalonda pafupifupi 3,500 zidamira pa nkhondo ya ku Atlantic. Ambiri mwa ogwira ntchito pansi penipeni, kuchipinda cha moto komwe torpedo ikamenya kuthawa kumavuta, adali Amwenye, Matchaina, Asomali, a ku Yemen ndi a kumadzulo kwa Africa, ndipo ambiri ankalandira ndalama yochepa poyerekeza ndi azungu anzawo. Chopweteka china n'chakuti mpaka 1941, sitima yako ikamira, malipiro ako ankaima tsiku lomwelo. Masiku omwe ukuyandama m'bwato pakati pa nyanja, milomo itang'ambika ndi ludzu, bwana ankawerenga kuti suli pa ntchito.

Nkhondoyi idafikanso m'madzi omwe katundu wathu amadutsa lero. Pakati pa 1942, sabumarini za Japan zidamiza sitima pafupifupi 20 m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Chaka chomwecho asilikali a KAR, ena mwa iwo ochokera ku Nyasaland, adawoloka madzi omwewo kukamenya nkhondo ku Madagascar. Pa 28 Novembala 1942, U-177 idamiza sitima ya Nova Scotia kufupi ndi gombe la Natal. Anthu 858 adafa, ambiri akaidi a ku Italy, ndipo opulumuka adatoledwa ndi sitima ya Apwitikizi yochokera ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo.

Ndiye pali Khedive Ismail. Idanyamuka ku Mombasa mu Febuluwale 1944 kupita ku Colombo itanyamula anthu oposa 1,500, ndipo pafupifupi 1,000 mwa iwo adali a gulu la mizinga la East African Artillery. Pa 12 Febuluwale, kufupi ndi zilumba za Maldives, sabumarini ya Japan ya I-27 idaiombera. Sitimayo idamira m'mphindi zosapitirira zitatu. Pafupifupi 1,300 adafa, kuphatikizapo amayi 77, ambiri mwa iwo anamwino. Sabumariniyo idakabisala pansi pa anthu omwe ankasambira, ndipo sitima yoperekeza ya HMS Petard idaponyabe mabomba ake pomwepo, podziwa kuti ikaisiya imizanso sitima zina. Njira ya ku Colombo imeneyi ndi yomwe agogo athu a KAR adadutsa popita ku Burma. Khedive Ismail idali pa mdipiti, zomwe zikutikumbutsa kuti mdipiti umachepetsa ngozi koma suithetsa. Anzathu a ku South Africa chaka chilichonse pa 21 Febuluwale amakumbukira anthu awo oposa 600 omwe adamira ndi sitima ya Mendi mu 1917 itagundidwa ndi sitima inzake m'nkhungu. Nanga Khedive Ismail, ndi angati mwa ife adaimvapo m'kalasi?

Musaganizenso kuti nkhanza zidali mbali imodzi. Mu Seputembala 1942, U-156 itamiza sitima ya Laconia kumadzulo kwa Africa, kaputeni wake, Werner Hartenstein, adayamba kuvuula anthu, adalengeza pa wailesi m'Chingerezi kuti aliyense abwere kudzathandiza, n'kuyala mbendera ya Red Cross. Ndege ya America idabwera n'kumuponyera mabomba. Zitatero Dönitz adaletsa ma U-boat onse kupulumutsa anthu. Pa milandu ya ku Nuremberg adamulamula kukhala m'ndende zaka 10, koma khoti silidamuwerengere chilango pa nkhani yomiza sitima osachenjeza, chifukwa mkulu wa asilikali a pamadzi a America, Chester Nimitz, adavomera kuti nawonso ankachita zomwezo ku Pacific kuyambira tsiku loyamba.

Nanga ife zikutikhudza bwanji?

Ndikudziwa wina wafika apa akuti, aise, izi ndi za azungu ndipo zidapita, ife vuto lathu ndi mtengo wa chimanga. Winanso anena kuti mizere ya mafuta yomwe takhala tikugonapo gwero lake ndi kusowa kwa ndalama zakunja, palibe sabumarini yomwe yatimizira thanki. N'zoona, ndipo sindikunena kuti mawa kubwera U-boat ku Nacala. Koma amene adagonapo pa filing'i siteshoni ndi chigubu akudziwa kale zomwe zimachitika katundu akasiya kufika: minibasi imakwera mtengo, chigayo cha dizilo chimaima, ambulansi imakhala pa mzere limodzi ndi iwe. Chomwe chadula njira chikhoza kukhala torpedo, namondwe kapena thumba lobooka, koma m'mimba mumapweteka chimodzimodzi.

Ndipo zidatichitikirapo kale. Funsani makolo anu za m'ma 1980, nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itatseka njanji za ku Beira ndi Nacala. Katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wa mayendedwe udakwera koopsa. Mathiraki odutsa ku Tete ankayenda pa mdipiti moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo asilikali athu adapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Adali mankhwala omwe aja a 1917, koma pamtunda.

Zaposachedwapa nazo zilipo. Namondwe wa Idai adasakaza Beira mu Malichi 2019. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka mu 2022, matani 20,000 a feteleza omwe pambuyo pake adaperekedwa ku Malawi adali atakhala miyezi yambiri pa doko ku Netherlands, ndipo adafika kuno mvula itapita kale patali. Kuyambira kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zidayamba kuthawa Nyanja Yofiira poopa kuomberedwa ndi gulu la Houthi, n'kumazungulira kumunsi kwa Africa. Pa 12 Meyi 2024, zingwe ziwiri za intaneti za pansi pa nyanja zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo netiweki idavuta m'maiko angapo a chigawo chino, ife tomwe. Ngakhale nkhani mukuwerengayi mwina yadutsa pansi pa nyanja isanafike pa foni yanu.

Britain adapulumuka chifukwa adasiya kunyada n'kuyamba kuwerenga: sitima zingati zatuluka, zingati zabwerera, tirigu watsala wa milungu ingati. Japan adakonda zida zowala n'kunyoza ntchito yolondera katundu, ndipo adalipira. Ife tilibe sitima zankhondo za m'nyanja yamchere, ndipo sitikuzifuna. Chomwe tingathe ndi kuwerenga. Nkhokwe za mafuta zomwe zidamangidwa ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, muli mafuta a masiku angati lero? Beira itatsekeka mawa, Nacala ndi Dar es Salaam zingasenze katundu yense? Feteleza wa chaka chino akhala ali m'dziko muno mvula yoyamba isanagwe? Tikugwirizana chiyani ndi Zambia ndi Zimbabwe, omwe nawonso alibe doko, kuti tizikambirana ndi eni madoko ngati gulu?

Mafunso amenewa ndi osakoma, sangakupatseni ma like. Koma phungu wa kwanu akadzabwera ndi nsalu ndi malonjezo, mudzamufunse limodzi mwa iwo, ndipo mudzamvetsere ngati ali ndi nambala kapena angokuuzani kuti zonse zili m'manja. Aphunzitsi a mbiri nawo, pophunzitsa za nkhondo ziwirizi, asamathere pa Hitler ndi Churchill. Atchuleko Gwendolen, atchuleko Khedive Ismail ndi anyamata aja adanyamuka ku Mombasa osakafika ku Colombo. Mfuti ija ikadali pa Mangochi, ndipo kukaiona n'kwaulere.